Kukulunga RNA m'timipira ta mafuta: kasakanizidwe kake ndi pamene ntchito imaonongekera

Molekyu ya mRNA ndi uthenga wouza selo puloteni yoti lipange, koma uthengawu sungadziyendere wokha. Mukaibaya m'thupi ili yosavala kanthu, imakumana ndi ma enzaimu otchedwa RNase, amene ali m'magazi, pakhungu ngakhale m'malovu, ndipo amaidula zidutswazidutswa m'kanthawi kochepa. Ikapulumuka pamenepo, imapeza selo litaitsekera khomo. RNA ili ndi chaji ya negativi pa nucleotide iliyonse (kachidutswa kamodzi ka chingwe chake), khungu la selo nalonso kunja kwake ndi negativi, ndiye ziwirizi zimangokankhana. Ndi yaikulunso zedi, poti mRNA ya m'katemera wa COVID-19 wa Pfizer-BioNTech ili ndi ma nucleotide oposa 4,000. Mng'ono wake siRNA, amene ntchito yake ndi kuletsa selo kupanga puloteni inayake, ndi wamfupi, ma nucleotide 21 okha pa chingwe chilichonse, koma iye vuto lake ndi lina: impso zimamusefa n'kumutaya mu mkodzo asanafike kumene watumidwa.

Katalin Karikó ndi Drew Weissman anasonyeza mu 2005 kuti ukasintha pang'ono kapangidwe ka uridine, chimodzi mwa zilembo zinayi za RNA, chitetezo cha m'thupi sichiiukira mRNA ngati kachilombo, ndipo ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2023. Komabe mRNA yokonzedwa bwino chonchoyo imafunabe chonyamulira, ndipo chonyamuliracho ndi chimene chimalamula kuti uthenga upita ku chiwalo chiti, ulowa wochuluka bwanji, ndiponso wodwala amva zotani. Chimene chapambana mpaka pano ndi timipira ta mafuta totchedwa lipid nanoparticle, mwachidule LNP, ta pakati pa mananomita 60 ndi 100.

Chinsinsi chili pa pH

Akatswiri oyamba anaganiza mophweka. Popeza DNA ndi RNA n'za negativi, tizigwiritse ndi chinthu cha positivi. Mu 1987 Philip Felgner ndi anzake anatulutsa lipidi yotchedwa DOTMA, ndipo mu 1995 gulu la Jean-Paul Behr ku Strasbourg linasonyeza kuti polima yotchedwa PEI imachitanso chimodzimodzi. M'mbale ya maselo zinthuzi zimagwira ntchito ndithu. M'magazi zimavuta, chifukwa chinthu chimene chili positivi nthawi zonse chimamatirira ku mapuloteni a m'magazi ndi ku maselo ofiira, chimaundana, chimakatsakamira m'timitsempha ta m'mapapo, ndiponso chimaboola makungu a maselo amene sichinatumidweko.

Yankho linali lipidi imene imasintha chaji malingana ndi malo amene ili. Amaitcha ionizable lipid. Kumutu kwake kuli amine imene imalandira proton ikakhala mu asidi n'kuitaya ikafika pa pH ya magazi (pH ndi muyezo wa asidi: ikatsika, ndiye kuti asidi wachuluka). Posakaniza, pa pH 4, lipidiyi imakhala positivi ndipo imakumbatira RNA. M'magazi, pa pH 7.4, imakhala pafupifupi yopanda chaji ndipo imayenda mwakachetechete. Selo likameza kampirako, kamalowa m'kathumba kotchedwa endosome, mmene pH imatsika kuchoka cha pa 6.5 kufika cha pa 5. Pamenepo lipidi ija imabwereranso ku positivi, imagwirana ndi malipidi a negativi a khungu la kathumbako, ndipo chifukwa michira yake ndi yotambalala kuposa mutu wake, imasokoneza khungulo mpaka RNA ina ipeze potulukira.

Nambala imene imafotokoza zonsezi ndi pKa, kutanthauza pH imene theka la malipidi limakhala ndi chaji. Kafukufuku wa 2012 amene anatulutsa lipidi ya DLin-MC3-DMA, wochitidwa ndi kampani ya Alnylam pamodzi ndi akatswiri a ku Vancouver kuphatikizapo Pieter Cullis, anapeza kuti potumiza siRNA ku chiwindi, pKa yabwino ili pakati pa 6.2 ndi 6.5. Ya MC3 ndi 6.44. Ikakwera kupitirira 7, kampira kamakhala ndi chaji kali m'magazi ndipo mavuto akale aja amabwerera. Ikatsika kwambiri, endosome siitha kuiyatsa kuti ikhale positivi, RNA imangopita kukagayidwa mu lysosome, kathumba kogayira zinthu m'selo. Dziwani kuti pKa yofunika ndi ya lipidi ili kale m'kampira, osati imene kompyuta yawerengera molekyu ili payokha, chifukwa ziwirizi zimasiyana kwambiri. Imapimidwa ndi utoto wa TNS: mumaika timipira m'mabafa (madzi osunga pH yokhazikika) a pH yosiyanasiyana kuyambira 3 mpaka 10, n'kuona pamene kuwala kwa utoto kwafika pa theka.

Malipidi ena atatu ndi othandizira, koma palibe ndi imodzi yomwe imene mungaichotse osalipira. DSPC ndi phospholipid yolimba imene imakhala makamaka kunja n'kupatsa kampira khoma. Cholesterol imadzaza mipata pakati pa malipidi enawo. Lipidi ya PEG (polyethylene glycol, chingwe chokonda madzi) imakhala pamwamba penipeni, imaletsa timipira kumatirirana, ndipo ndi imene imalamula kukula kwake. Onpattro, mankhwala oyamba a siRNA kuvomerezedwa ku America mu Ogasiti 2018, amagwiritsa ntchito MC3, DSPC, cholesterol ndi PEG pa mlingo wa 50, 10, 38.5 ndi 1.5 pa mamolekyu 100 aliwonse. Katemera wa Moderna anatenga mlingo womwewo koma ndi lipidi ya SM-102. Wa Pfizer-BioNTech ali ndi ALC-0315, yochokera ku kampani ya Acuitas ya ku Vancouver, pa mlingo wa 46.3, 9.4, 42.7 ndi 1.6. Malipidi awiri atsopanowa ali ndi ma ester m'michira yawo, moti ma enzaimu a m'thupi amawadula n'kuwachotsa, pamene MC3 imakhalitsa m'chiwindi.

PEG ndi yochepetsetsa pa zonse koma anthu ambiri amapunthwira pa iyo. Ikachepa kufika pansi pa theka la peresenti, timipira timaundana. Ikakwera kufika maperesenti 5, timatuluka ting'onoting'ono tokongola pa makina opimira, koma selo limavutika kutimeza. Kutalika kwa mchira nakonso n'kofunika. Lipidi ya PEG yotchedwa DMG-PEG2000 ili ndi michira ya makaboni 14, ndipo imayoyoka yokha kampira kakalowa m'magazi, zomwe n'zimene timafuna. Ya makaboni 18, monga DSPE-PEG, imakakamira. Kampira kamazungulira nthawi yaitali osalowa m'selo, ndipo thupi limapeza mpata wopanga ma antibody olimbana ndi PEG, amene amachititsa kuti jakisoni wachiwiri achotsedwe m'magazi msanga.

Masamu ake

Zonse zimayambira pa N/P, kutanthauza chiwerengero cha ma amine a ionizable lipid pochiyerekeza ndi ma phosphate a RNA. Pa mRNA anthu ambiri amayambira pa 6, pa siRNA pa 3. Tiyerekeze kuti muli ndi mamaikulogalamu 100 a mRNA ndipo mukufuna kugwiritsa ntchito SM-102.

Nucleotide imodzi imalemera pafupifupi magalamu 330 pa mole, ndipo iliyonse ili ndi phosphate imodzi. Mukagawa 100 ndi 330 mumapeza mananomole 303 a phosphate. Mukachulukitsa ndi 6 mumapeza mananomole 1,818 a SM-102. Popeza imeneyi ndi theka la malipidi onse, onse pamodzi ndi mananomole 3,636. Pamenepo DSPC ndi 364, cholesterol ndi 1,400, DMG-PEG2000 ndi 55. Kuti mufike pa sikelo, chulukitsani ndi kulemera kwa molekyu iliyonse: SM-102 ndi 710, DSPC 790, cholesterol 387, DMG-PEG2000 pafupifupi 2,500. Zimatuluka mamiligalamu 1.29, 0.29, 0.54 ndi 0.14, onse pamodzi 2.26. Masamuwa mukhoza kuwayerekeza ndi pepala la katemera wa Moderna, limene limanena kuti mlingo wa mamaikulogalamu 100 a mRNA unali ndi malipidi okwana mamiligalamu 1.93. Mwaona kuti mafuta amalemera pafupifupi ka 20 kuposa uthenga umene anyamula, ndipo n'chifukwa chake chitetezo cha lipidi si nkhani yapambali.

Musayese kupima mamiligalamu 0.14 pa sikelo. Konzani lipidi iliyonse payokha mu ethanol weniweni wopanda madzi, mwachitsanzo mamiligalamu 10 pa mililita, kenako muzitapa ndi pipette. DSPC ndi cholesterol zimakonda kutuluka mu ethanol zikazizira, n'kukhala pansi kapena m'mbali mwa botolo ngati tiufa toyera. Mukatapa madzi a pamwamba osazindikira, mlingo wanu wasokonekera musanayambe n'komwe. Tenthetsani mabotolowo cha pa madigiri 40, agwedezeni, muwayang'ane pa kuwala kuti muone ngati ayera mbee. Tsekani msanga, chifukwa ethanol akauluka mphamvu ya lipidi imakwera mwakabisira.

Mukasungunula malipidi onse pa mamilimola 12.5 pa lita, afunika ethanol wokwana mamililita 0.29. Mbali ya madzi imakhala katatu kuposa pamenepo, mamililita 0.87, ndipo ndi mmene mumasungunula mRNA yanu: bafa ya citrate ya mamilimola 50 pa lita kapena ya acetate ya mamilimola 25 pa lita, pa pH 4. Pimani pH ya bafayi ndi makina, musangokhulupirira zolembedwa pa botolo. Ikakwera kufika pa pKa ya lipidi kapena kupitirira, malipidi ambiri sayaka ndipo RNA yambiri imatsala kunja. Onjezerani pang'ono mbali zonse ziwiri, chifukwa masirinji ndi timapaipi zimatsalira ndi madzi ena.

Za RNase sindingazinene mokwanira. Enzaimu imeneyi siifa ndi kuwiritsa wamba, ndipo autoclave siimaliza yonse. Magolovesi amene mwagwirira foni kapena chitseko avuleni, nsonga za pipette zikhale za sefa, madzi akhale otsimikizika kuti alibe nuclease, ndipo musalankhule chubu chili chotsegula pamaso panu. Musanakulunge, onani kaye kuti mRNA yanu ndi yathunthu pa gel kapena pa capillary electrophoresis. Kampira sikasankha, kamakulunga zidutswa mosangalala ngati mmene kamakulungira mRNA yabwino. Onaninso kuti RNA ya zingwe ziwiri, imene enzaimu ya T7, yopangira mRNA m'labotale, imapanga mwangozi, yachotsedwa ndi HPLC (makina olekanitsa mamolekyu) kapena cellulose. Ikatsala imadzutsa interferon, chenjezo la thupi lolimbana ndi mavairasi, selo limasiya kupanga puloteni, ndipo mlandu umagwera lipidi yosalakwa.

Kusakaniza kwenikweni kumatenga timphindi tochepa kwambiri, ndipo liwiro ndiye mwini nkhani. Ethanol akakumana ndi madzi, malipidi amalephera kusungunukanso, amathawa madziwo n'kudziunjika mozungulira RNA. Madzi awiriwa akalowana mwachangu kuposa mmene malipidi amaunjikanirana, timabadwa timipira tambiri ting'onoting'ono tofanana. Akalowana mwaulesi, timabadwa tochepa, tikulutikulu, tosiyanasiyana. M'malabotale ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo ka microfluidic, monga NanoAssemblr, ndi mlingo wa madzi atatu pa ethanol mmodzi komanso liwiro la pafupifupi mamililita 12 pa mphindi. Amene alibe makinawa akhoza kulumikiza masirinji awiri pa kapaipi kooneka ngati T n'kuwakankha ndi mapampu. Tayani madontho oyamba ndi omaliza, chifukwa pamenepo mapampu sanafike kapena asiya kale liwiro loyenera. Kathovu ka mpweya mu sirinji kamasokoneza mlingo. Kusakaniza ndi pipette, pothira ethanol m'madzi kamodzi n'kamodzi n'kupopa mwachangu, kumathandiza poyesa malipidi ambiri m'maselo, koma timipira timatuluka tokulirapo ndipo lero ndi mawa sizifanana. Musatengere nambala za njira imeneyi ku nyama.

Chimene chatuluka pamenepa si LNP yomalizidwa. Chili mu ethanol wa maperesenti 25 pa pH 4, ndi chofewa, ndipo timipira tikupitiriza kulowana. Ukachisiya pa tebulo ola lathunthu, kukula kumasintha. Chisungunuleni nthawi yomweyo kapena chiikeni mu dialysis, m'kathumba kodutsa mamolekyu osapitirira makilodalton 10 kapena 20, m'bafa ya pH 7.4 yochuluka kosachepera ka 100 kuposa madzi anuwo, muisinthe kamodzi kapena kawiri, igone m'firiji usiku wonse. Pamene pH ikukwera, malipidi amataya chaji, timipira ting'onoting'ono timaphatikizana, ndipo malipidi opanda chaji amalowa pakati ngati dontho la mafuta. Apa ndi pamene kampira kamapeza maonekedwe ake omaliza, choncho kupima kukula dialysis isanathe n'kudzinamiza. M'mafakitale ntchito imeneyi imachitidwa ndi tangential flow filtration. Pomaliza sefani ndi sefa ya mamaikulomita 0.22 kuti muchotse tizilombo, poti kutipha ndi kutentha kungaphenso RNA. Sefa ikalimba kukankha, musaumirize: ndi chizindikiro chakuti timipira taundana, ndipo zambiri zitsalira pa sefapo. Pimaninso kuchuluka kwa RNA mukatha kusefa.

Zimene makina amanena ndi zimene amabisa

Kukula kumapimidwa ndi DLS. Timafuna mananomita pakati pa 60 ndi 100 ndi PDI (nambala yosonyeza mmene timipira tasiyanirana kukula) yosapitirira 0.2. Makinawa amaona kuwala kumene tinthu tamwaza, ndipo kuwalako kumakwera modabwitsa ndi kukula: kanthu kokula ka 10 kamamwaza kuwala kochuluka ka miliyoni. Kafumbi kamodzi kakhoza kuononga zotsatira zonse. Ethanol wotsalira amasintha kukhuthala kwa madzi, makina n'kunena kuti timipira n'tokula kuposa mmene tilili. Ndipo DLS siisiyanitsa kampira konyamula RNA ndi kopanda kanthu.

Kuchuluka kwa RNA imene yalowa mkati kumapimidwa ndi utoto wa RiboGreen, umene umawala ukagwira RNA koma sulowa m'kampira. Mumagawa sampulo pawiri. Ina mumaika mu bafa ya TE yokha, ndipo kuwala kwake ndi kwa RNA ya kunja. Inayo mumaithira Triton X-100, sopo amene amaswa timipira, n'kuisiya pa madigiri 37 kwa mphindi 10, ndipo kuwala kwake ndi kwa RNA yonse. Chotsani ya kunja pa yonse, mugawe ndi yonse. LNP yabwino imapitirira maperesenti 90. Cholakwika chofala ndi kugwiritsa ntchito mzere umodzi woyezera pa mbali zonse ziwiri. Triton imasintha kuwala kwa utoto, choncho pamafunika mizere iwiri, wina wa Triton wina wopanda, ndipo yonse ipangidwe ndi RNA yanu yomweyo, osati ya ribosome (makina a m'selo opanga mapuloteni) imene imabwera m'bokosi la utoto. Thovu la Triton nalonso limasokoneza makina, liphulitseni ndi nsonga ya singano.

Apa pali mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Mukhoza kukhala ndi mananomita 80, PDI ya 0.1, RNA yolowa maperesenti 95, koma selo osapanga puloteni ngakhale pang'ono. Manambala atatuwa amangonena kuti katundu wamangidwa bwino. Sanena kuti uthenga wa mkati ukuwerengeka, kapena kuti utuluka mu endosome. Kafukufuku wa Jerome Gilleron ndi anzake wa 2013 anapeza kuti pa siRNA yonse imene selo lameza, peresenti imodzi kapena awiri okha ndi amene amatuluka mu endosome. Zotsala zonse zimagayidwa kapena kulavulidwa. Mankhwala amene apulumutsa anthu ambirimbiri akuyenda pa kachigawo kakang'ono chonchi, ndipo lipidi imene yalephera pang'ono pa khomo limeneli imaoneka bwinobwino pa makina onse aja.

Choncho mtanda uliwonse uyesedwe ndi mRNA imene puloteni yake imaoneka, monga luciferase kapena GFP. Poyesa m'maselo musachotse serum, madzi a m'magazi amene timadyetsera maselo. Ambiri anazolowera kutero ndi malipidi akale a positivi, koma LNP yopanda chaji imalowa m'selo mothandizidwa ndi puloteni ya ApoE imene imaitola mu serum. Popanda ApoE, LNP yabwino imaoneka yakufa. Ndipo ngakhale zitayenda m'mbale, musafulumire kusangalala, chifukwa gulu la James Dahlman ku Georgia Tech linayerekeza timipira tambirimbiri mu 2018 n'kupeza kuti zotsatira za m'mbale sizilosera bwino zimene zichitike mu mbewa.

ApoE yomweyo ndi imene imafotokoza chifukwa chake LNP yobayidwa mu mtsempha imathera ku chiwindi. PEG ikayoyoka, ApoE imamata pa kampira, ndipo maselo a chiwindi amakalandira kudzera pa khomo lomwe amalandirira mafuta a LDL. Timitsempha ta m'chiwindi tilinso ndi timabowo totha kudutsa kanthu ka mananomita 100. Kwa Onpattro imeneyi ndi mphatso, poti puloteni ya transthyretin imene imadwalitsa imapangidwa m'chiwindi momwemo. Amapereka mamiligalamu 0.3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa masabata atatu aliwonse kudzera mu diripi, ndipo wodwala amayamba walandira steroid, paracetamol ndi mankhwala oletsa histamine kuti thupi lisaukire diripiyo. Mu 2021 kampani ya Intellia inadutsa njira yomweyi n'kutumiza mRNA ya Cas9, enzaimu yodula DNA, pamodzi ndi RNA yoilondolera ku chiwindi cha anthu odwala matenda omwewa, n'kuzimitsa jini ya transthyretin ili m'thupi momwemo.

Kusunga

mRNA ili ndi mdani mwa iyo yokha. Shuga wa nucleotide iliyonse ali ndi gulu la hydroxyl limene, pakakhala madzi ndi kutentha, limadula chingwe chake chomwe. Kudula kamodzi kokha pa ma nucleotide 4,000 kumapha uthenga wonse, ndipo mkati mwa LNP muli madzi. Ma ester a m'michira ya malipidi nawonso amasweka pang'onopang'ono. Pali vuto lina lobisika kwambiri limene akatswiri a ku Moderna analengeza mu 2021: amine ya ionizable lipid ikakhudzidwa ndi okosijeni imabala ma aldehyde, amene amamatirira pa mRNA. Chingwe chimakhala chathunthu, electrophoresis siiona cholakwika, koma ribosome imalephera kuchiwerenga. Chimaoneka pa reversed-phase ion pair HPLC. Phunziro lake n'losavuta: malipidi asungidwe ozizira, kutali ndi kuwala ndi mpweya, ndipo botolo limene latsegulidwa kambirimbiri lisadaliridwe.

Kuumitsa mu firiji kumachedwetsa zonsezi, koma nakonso kuli ndi msampha. Madzi akamaundana, timipira timakankhidwira m'timipata totsala pakati pa ayezi, timapanikizana n'kuphatikizana, RNA n'kutayika. Sucrose wa pafupifupi maperesenti 10 amateteza zimenezi, ndipo ali m'makatemera onse awiri. Musaumitse LNP ili mu PBS, bafa ya phosphate, yokha. Sodium phosphate ikamazizira, mbali yake imodzi imasanduka timiyala msanga, pH imagwa kwambiri, malipidi amayakanso positivi nthawi yolakwika. Bafa ya Tris siichita zimenezi. Katemera woyamba wa Pfizer-BioNTech, wa bafa ya phosphate, ankafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 80 ndi 60 pansi pa ziro, pamene wa Moderna, wa Tris, ankakhala mu firiji ya madigiri 20 pansi pa ziro. Pfizer itasinthira ku Tris chakumapeto kwa 2021, botolo losungunuka linaloledwa kukhala masabata 10 mu firiji wamba ya madigiri 2 mpaka 8. Kwa ife kuno, kumene magetsi amazimazima ndipo zipatala za kumidzi zimadalira mafiriji a sola, kusiyana kumeneku si kwapang'ono.

Malangizo amene anamwino ankapatsidwa pa botolo loyambalo la Pfizer anali ndi zifukwa zake: litembenuzeni pang'onopang'ono ka 10, musalikhutchumule, thiranimo saline wa maperesenti 0.9 wokwana mamililita 1.8, mugwiritse ntchito pasanathe maola 6, ndipo likasungunuka lisabwererenso mu ayezi. Kukhutchumula kumabweretsa thovu, ndipo pamene madzi akumana ndi mpweya timipira timasweka n'kuundana. M'labotale lamulo ndi lomwelo: musaike LNP yomalizidwa pa makina okhutchumula a vortex, ndipo igaweni m'timachubu ting'onoting'ono kuti kalikonse kasungunulidwe kamodzi kokha.

Kumene LNP si yankho

PEI sinatheretu ntchito. M'malabotale ndi m'mafakitale opanga mavairasi onyamula majini, monga AAV, ndi imene amalowetsera plasmid DNA m'maselo oweteredwa m'labotale otchedwa HEK293, chifukwa ndi yotsika mtengo. PEI ya chingwe chimodzi ya makilodalton 25 imasungunulidwa pa miligalamu imodzi pa mililita, pH cha pa 7, n'kusakanizidwa ndi DNA pa mlingo wa pafupifupi magawo atatu a PEI pa gawo limodzi la DNA potengera kulemera, mopanda serum, n'kudikira mphindi 10 mpaka 15. Mukachedwa, tinthuto timapitiriza kukula m'madzi a mchere mpaka selo kulephera kutimeza. PEI ikachuluka maselo amafa. Kumbukiraninso kuti DNA ili ndi ulendo wautali kuposa mRNA, chifukwa iyenera kulowa mu nucleus, ndipo khomo limeneli limatseguka bwino selo likamagawikana. N'chifukwa chake HEK293 imalola mosavuta pamene maselo a ubongo kapena a mnofu amakana, ndipo n'chifukwa chake AAV ikugwirabe ntchito ngakhale imanyamula ma kilobase 4.7 okha.

Pa siRNA yopita ku chiwindi, kampira kayamba kusiyidwa. siRNA ndi yaifupi moti nucleotide iliyonse ikhoza kulimbitsidwa kuti RNase isaidule, kenako kumapeto kwake amamangirirako timashuga titatu ta GalNAc, timene maselo a chiwindi amatola ndi khomo lawo la asialoglycoprotein. Givosiran ya 2019, inclisiran ndi vutrisiran ya 2022 zimayenda motero, ndi jakisoni wa pansi pa khungu, popanda diripi. mRNA singatsate njira imeneyi chifukwa ndi yaitali, ndipo ukailimbitsa chonchi ribosome siiwerenga.

Nkhondo yaikulu tsopano ndi yotuluka m'chiwindi. Gulu la Daniel Siegwart ku Dallas linasonyeza mu 2020 kuti kuonjezera lipidi yachisanu kumasintha kopita: ya positivi yokhazikika monga DOTAP imakokera timipira ku mapapo a mbewa, ya negativi imakokera ku kapamba (spleen), chifukwa mapuloteni a m'magazi amene amamata pamwamba amasintha. Njira ina ndi kumangirira antibody pa kampira. Mu 2023 akatswiri a ku Philadelphia anagwiritsa ntchito antibody yolunjika pa puloteni ya CD117 kufikitsa mRNA ku maselo obala magazi a m'mafupa a mbewa.

Ntchito imeneyi imatikhudza mwachindunji chifukwa cha matenda a sickle cell, amene ana ambiri obadwa nawo ali mu Africa muno. Casgevy, mankhwala okonza jini amene anavomerezedwa chakumapeto kwa 2023, amafuna kuti maselo atulutsidwe m'thupi, akonzedwe m'fakitale, wodwala alandire busulfan yophera mafuta a m'mafupa akale, kenako agone m'chipatala masabata angapo, pa mtengo woposa madola 2 miliyoni. Kampira kotha kukafika kokha m'mafupa kangachotse masitepe ambiri mwa amenewa, ngakhale kuti panopa zotsatira zambiri zidakali za nyama. Luso losakaniza nalonso layamba kufika: bungwe la WHO linakhazikitsa likulu lophunzitsira kapangidwe ka katemera wa mRNA ku Afrigen mumzinda wa Cape Town mu 2021, ndipo BioNTech inatsegulira malo ake ku Kigali mu Disembala 2023. Wophunzira wa chemistry kapena pharmacy amene akufuna kulowa m'ntchitoyi ayambire pa zimene zili pafupi: kuwerengera N/P popanda kulakwitsa, kukonza bafa ya pH yolondola, kugwira RNA osaiononga, ndi kuyendetsa HPLC, poti malo amenewa amafuna manja otha zimenezi tsiku ndi tsiku.